Mango a M'munda Wobwereka

Ndiulule kaye uchitsiru wanga, poti ambiri amene akanandiseka nawo anagona kale. Ine, mpaka ndevu zitamera, nditakwatira n'kubereka ana awiri, ndinkakhulupirira kuti anthu akwathu sankayankhula pabwalo la amfumu chifukwa Chinyanja chinkawalemera m'kamwa. Ndinkati vuto ndi lilime. Ndinkati atapezeka munthu wowabwereka lilime lake, basi, zonse zingaongoke. Ndipo munthu wa lilime lobwereketsayo sindinavutike kumufuna kutali. Ndinkamuona m'mawa uliwonse m'madzi osukusula.

Ife ndife Alomwe. Makolo anga anachokera kwa Apwitikizi, kuseri kwa mapiri, ine ndili kumsana. Ankathawa chibalo ndi mbalamatodya, kathabwa kamabowo kamene ankamenyera anthu m'manja. Ena mwa anzawo anakathera m'minda ya tiyi. Ife tinapitirira, kutsika chigwa cha Phalombe mpaka tinafika pamudzi wina wa kufupi ndi Mkhumba, kumene nthaka imayamba kufewa polowera ku Chilwa. Eni mudziwo anali ndi dzina lina limene ankatitchula akakwiya, limenelo sindilibwereza. Akakhala okondwa ankangoti obwera.

Sukulu ndinaiponda, musandione chonchi. Sitandade 1 ndinaikonda kwambiri moti ndinakhalamo kawiri, Sitandade 2 ndinailawa miyezi ingapo. Ndinachoka ndikudziwa kulemba dzina langa, kuwerenga kalata yochokera ku Joni ngati woilembayo sanali pachangu, ndiponso mawu a Chizungu okwanira kuthamangitsira galu. Pamudzi ponse anandipatsa udindo wa Akalaliki. Ine ndinkauyankha ndi mtima wonse, osadziwa kuti pouitana ena ankatsinzinirana.

Amfumu athu anali munthu wa nsangala, wonenepa, wokonda fodya wa m'mphuno ndi tulo ta masana. Alendo ankawakonda ngati mvula. Banja latsopano likafika ndi mitolo pamutu, iwo ankadzuka okha pampando, manja ali tambasu.

"Fikani, ana anga, fikani! Kodi kumbuyoku kwatsala ena? Mukawaitane!"

Chikondi chimenecho chinali ndi muzu wake. Denga lililonse latsopano linkalembedwa m'buku la msonkho pansi pa dzina lawo, ndipo ku boma, ku Mulanje, mfumu ankaiyeza ndi kuchuluka kwa madenga. Ife tinkawanenepetsa, iwo n'kumatisekerera. Palibe amene ankanamiza mnzake.

Koma nthaka sinali ya amfumu. Inali ya bere la alongo awo aakulu, mayi wowonda, wosayankhulayankhula, amene tinkangowatchula kuti mayi a dambo. Wobwera akafuna munda ankapita kwa iwowo ndi nkhuku, n'kuwomba m'manja. Mayiwo ankatenga ndodo yawo, n'kumayenda pang'onopang'ono, kuloza apa ndi apo: kuyambira pachulu icho, kukafika pamgwalangwa uwo. Akamaliza ankanena lamulo lawo, limene mwana aliyense wa obwera ankaliloweza asanadziwe Atate Wathu.

"Chozula ndi chomweta dzalani. Chokwera ayi."

Chinangwa, mbatata, kalongonda, mpunga, zonsezo tinkadzala mmene tafunira. Koma mtengo wa zipatso ayi. Mtengo ndi mboni yosafa msanga. Pakabuka mlandu, munthu amangoloza n'kunena kuti mango awa anadzala ndi amayi anga, ndiye kuti mundawo wapita. Munda wopanda mtengo ndi wobwereka, mwini akaufuna amangoutenga mukakolola. N'chifukwa chake mudzi wathu unkaoneka ngati mutu wometa mbali imodzi: kwa eni kuli mthunzi wa mango bii, kwa ife kuli mbee, nkhuku kubisala pansi pa nkhokwe. Mwana wanga wamkazi woyamba anabwerapo tsiku lina akulira, khutu litatupa, chifukwa anatola mango amodzi ogwa okha. Zimenezo zinandikhala pamtima.

Ine ndinali mkamwini, ndiye munda umene tinkadalira unali wa akazi anga, nawonso anaulandira kwa amayi awo, nawonso anaubwereka kwa mayi a dambo. Unali munda wa mpunga, m'mphepete mwa dambo lolowera kunyanja, wokhala ndi chulu chachikulu kumalire ake. Mpunga wa mmenemo ndi umene unkatidyetsa, kutiveka, ndiponso kundichotsa m'manja mwa otolera msonkho. Tinkausenza kupita nawo ku Migowi kwa Msilamu wina wa sikelo. Ukanachoka munda umenewo, ine njira zanga zinali ziwiri: kukatchera tiyi kapena kukwera ulendo wa ku Joni, kusiya ana akuyamba kumene kundizindikira.

Tsono za pabwalo. Bwalo linali pansi pa mkuyu. Eni mudzi ankakhala mumthunzi, ife kuyambira pamene mthunzi wathera. Palibe amene anatiuza kuti tizikhala pamenepo, tinangopadziwa. Nkhani ikakambidwa, ntchito yathu inali kuwomba m'manja. Kapitawo wa zaulimi atabwera ndi malamulo ake a mizere, tinawomba. Atanena kuti wosamvera adzalipa, tinawombanso. Wowomba mokweza kuposa onse anali malume a akazi anga, mkulu wa mano otalikirana, woimba ng'oma ya tchopa. Koma madzulo ake, pamowa, mkulu yemweyo ankaimirira n'kumatsanzira kayendedwe ka kapitawoyo, kumutukwana m'Chilomwe kuyambira chipewa mpaka nsapato, anthu n'kumagubuduka. Ine ndinkaona zimenezi n'kumadziuza kuti: mwaona, m'Chilomwe ndi mkango, m'Chinyanja ndi nkhosa. Lilime basi.

Chisanafike chimene ndikufuna kunena, panadutsa chaka cha njala, chija mvula inakana. Chimanga cha eni mudzi chinapserera chili m'maondo. Ife tinali ndi makaka, chinangwa chouma chimene ankatiseka nacho kuti n'chakudya cha anthu osadziwa kulima. Chaka chimenecho kuseka kunatha. Tsiku lina dzuwa likulowa, kunafika mtsikana kuseri kwa nyumba yathu, atanyamula lichero lopanda kanthu, lokhala ndi chigamba cha chikopa m'mphepete. Sananene kuti watumidwa ndi yani, koma licherolo tonse tinkalidziwa. Linali la mayi a dambo. Akazi anga analidzaza mpaka mulu, n'kuphimba ndi nsalu. Linabwera kangapo mpaka mvula inagwa.

"Bwanji osawauza abwere adzalime ganyu ngati anzawo?" ndinafunsa. "Kapena atipatseko mbuzi."

"Zisiyeni," anatero akazi anga. "Sizonse zimene amakolola chaka chomwecho."

Ndinaganiza kuti ndinakwatira mkazi wachifundo koma wosadziwa malonda.

Patapita zaka ziwiri kapena zitatu, m'mwezi wa dzuwa, mango atayamba kuyezuka, kunabwera mesenjala panjinga ndi kalata ya ku boma. Amene ankawerengera amfumu makalata anali atapita ku Joni, ndiye anaitana Akalaliki. Ndinalowa mumthunzi wa mkuyu koyamba m'moyo wanga. Kalatayo inkati midzi ya kuno itumize munthu mmodzi wokakhala pa khonsolo ya kwa mfumu yaikulu, yokamba za milatho, zitsime ndi misika. Amfumu anagwedeza mutu n'kuyang'ana mphwawo, mwana wa mayi a dambo, munthu wofatsa woweta ng'ombe, amene aliyense ankadziwa kuti ndiye apite. Koma kalata inali isanathe. Kumunsi kwake kunali mawu akuti munthuyo asankhidwe ndi anthu. Ndinawawerenga kawiri, kachiwiriko mokweza.

"Asankhe, asankhe," anatero amfumu akuseka. "Kodi n'zovuta? Ofuna mpandowo adzaima kutsogolo, anthu adzaima pamzere kumbuyo kwa amene amukonda. Mzere wautali wapambana."

Wina anafunsa ngati oima pamzerewo ndi amuna okha okhoma msonkho. Kalata sinanene. Amuna anayamba kuvomerezana kuti inde, ndi momwemo. Pamenepo mayi a dambo anatsokomola kamodzi, amfumu n'kukanda pamimba.

"Aliyense amene ali ndi nkhokwe adzaime," anatero amfumuwo.

Ndipo kwathu kuno nkhokwe ndi ya mkazi.

Madzulo ake akazi anga anali kupeta mpunga pakhonde, ine ndikuwafotokozera mmene ndinawerengera kalata ya boma osapunthwa.

"Kodi mwati mzere wautali ndiye wopambana?" anafunsa, osakweza maso.

"Eya."

"Nanga pamudzi pano ochuluka ndani, eni kapena ife?"

Ndinawerenga madenga m'mutu. Tinali ife, ndipo osati pang'ono. Amfumu anali atatiitana kwa zaka zambiri osatopa.

"Hmm," anatero akazi anga. "Kungoti kwathu kuno kulibe munthu wodziwa kuyankhula."

Ine kumva zimenezo, ndinawongoka pampando. Kulibe? Nanga amene wakhala pampandoyu ndi chitsa? Ndinaimirira n'kulengeza, pamaso pa akazi anga ndi nkhuku ziwiri, kuti ndidzaima. Iwo sananditsutse. Ananditulutsira jekete yanga ya paukwati, kuichapa, kuisita ndi simbi yobwereka. Anafulula otheka, mowa wathu, mbiya ziwiri, woti ndizimwetsa anthu pokamba nawo. Anandiuzanso chokamba.

"Za milatho zisiyeni, bambo. Nenani za mango. Muzinena mokweza, amve ndi akutsidya kwa njira."

Akutsidya kwa njira ndiwo anali eni mudzi. Ine ndinkangoti mkazi wanga wazindikira tsopano kuti anakwatiwa ndi munthu wotani. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mwambi umenewo ndinkaudziwa wa anthu ena.

Milungu itatu ndinayenda nyumba ndi nyumba, thukuta lili kamukamu mujekete. Ndinafika mpaka kumadooko a asodzi, kumene matemba amayanikidwa pabango. Paliponse mawu anali amodzi: mukandiika pa khonsolo, ndikanena kwa mfumu yaikulu kuti wobwera naye adzale mtengo. Anthu ankamwa mowa, kuvomera, kundigwira dzanja ndi manja awiri. Malume aja anandikumbatira.

"Akamwini, ine ndidzakhala woyamba kumbuyo kwanu. Mukadzamva wina akukupondani chidendene, musadzatembenuke, ndine."

Tsiku lina m'mawa tili kumunda, tikusosa ziputu za mpunga, tinaona mayi a dambo akubwera ndi ndodo yawo. Sanabwere kwa ife. Anayamba kuyenda m'malire, kuchokera pachulu, pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pansi, mpaka anazungulira munda wonse. Atamaliza anaima patali pang'ono.

"Mpunga unachita bwino chaka chino. Ndaiona nkhokwe," anatero.

"Unayesetsa, mayi," anayankha akazi anga atagwada.

"Mdzukulu wanga wamkulu akulowa m'banja mvula ikagwa. Sindikudziwa kuti adzalima pati."

Ine ndinawayamikira kwambiri chifukwa cha ukwatiwo, ndinafunsanso ngati mnyamatayo ndi wa banja labwino. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu woona ng'ombe itavala chipewa, n'kumapita. Akazi anga anapitiriza kusosa mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako anandiuza m'mawu osavuta, oyenera munthu wa Sitandade 2, kuti mundawo ukhoza kupita.

Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinati mwina ndisiye.

"Musasiye," anatero. "Mwayamba kale. Mawa mukayankhule kuchitsime, kumakhala anthu ambiri."

Masiku amenewo akazi anga anayamba kusinja kwa anzawo. Madzulo alionse mtondo unkamveka kwina, lero uku, mawa uko, amayi atasonkhana ambiri kuposa misi. Kawiri konse ndinawaona akuwoloka njira ndi amayi ena atatu, atanyamula kabotolo ka fodya wa m'mphuno. Ndinaganiza kuti akukapepesa za mundawo, ndipo ndinawamvera chisoni. Ndinkati dikirani ndikhale pa khonsolo, zopepesazi zidzatha.

Masiku ano umalowa m'kachipinda wekha, kuchonga, kupinda pepala, ngakhale mkazi wako sadziwa. Nthawi imeneyo kusankha kunali kwa masana, ndi thupi lako lonse, mwini munda wako akukuona kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Tsikulo bwalo linadzaza. Mesenjala anabwera kudzaona. Mphwa wa amfumu anayankhula mawu ochepa, anati ng'ombe zikusowa pomwera, n'kukhala pansi. Kenako ine. Abale anga, ndinayankhula. Chinyanja cha tsiku limenelo sindinachiyankhulenso. Ndinati ife tinabwera kale, makolo athu agona m'nthaka ino. Ndinati amati mlendo ndi mame, koma mame ake ati okhala zaka makumi atatu osakamuka? Ndinati mwana wanga anabadwira pano, mchombo wake unakwiriridwa pano, koma mango a pano amadya ngati wakuba. Nditamaliza, anthu akwathu anawomba m'manja mpaka mbalame zinathawa mumkuyu. Amayi analuluta. Ngakhale amfumu anawomba, misozi ya chiseko ili m'maso.

Anatiimika awirife motalikirana, titayang'ana kuphiri la Michesi, misana kwa anthu. Mesenjala anati tisatembenuke mpaka atanena. Ndinamva mapazi ambiri, fumbi likukwera, ana akulira, anthu akukankhana. Ndinamva wina akupuma pafupi ndi khosi langa, ndinati awa ndi malume. Ndinatukula chifuwa. Ndinayamba kuganiza za njinga imene munthu wa khonsolo ayenera kukhala nayo.

"Tembenukani!"

Ndinatembenuka. Kumbuyo kwanga kunali anthu anayi.

Woyamba anali msodzi wina wa kudooko, wamanja ngati makungwa. Wachiwiri anali telala wobwera ku Joni, amene makina ake ankakhala pakhonde la sitolo ku Migowi. Wachitatu anali mayi woumba mbiya, wamasiye. Wachinayi anali nkhalamba yogontha imene inandiuza pambuyo pake kuti inaona kuti uku kulibe kukankhana. Kumbuyo kwa nkhalambayo kunagona galu, koma mesenjala anakana kumuwerenga.

Mzere winawo unatuluka pabwalo, kukhota panjira, kukafika kukhola la ng'ombe. Malume anali mkatikati, atabisala kumbuyo kwa mayi wina wonenepa, koma mano aja anawaulula. Ndipo woyamba penipeni, kumbuyo kwa mphwa wa amfumu, mwana ali kumsana, maso ali gwa kutsogolo, anali akazi anga. Akazi anga enieni, amene anasita jekete imene ndinavalayo.

Amfumu anabwera kudzandigwira paphewa, n'kunditsinira fodya padzanja.

"Akalaliki, mwatiyankhulira bwino. Chinyanja chanu chaposa changa. Fwenthezani apa, mutu upepuke."

Anthu akubalalika, ndinawagwira malume pamkono. Ndinawakumbutsa za chidendene. Ndinawafunsa m'Chilomwe, koma iwo anandiyankha m'Chinyanja chosalala, chopanda fupa, chimene sindinkadziwa kuti ali nacho.

"Akamwini, lilime ndili nalo. Chimene ndilibe ndi munda."

Sindinapite kunyumba. Ndinatsatira msodzi uja mpaka kudooko, ndinakhala pabwato lake lovundikira, jekete ili pamaondo. Ndinamuthokoza chifukwa cha kulimba mtima kwake. Iye anaseka akusoka ukonde.

"Kulimba mtima kwanji, Akalaliki? Ine munda wanga ndi uwo," analoza madzi ndi chibwano. "Mayi aja adzayendemo ndi ndodo tione. Telala amadya m'makina. Woumba mbiya dothi amakumba kumtsinje. Ife tikhoza kuima kumbuyo kwa aliyense, ngakhale kumbuyo kwa inu."

Apo m'pamene chikhulupiriro changa cha lilime chinafera. Ndinayang'ana m'mbuyo zaka zonse za pabwalo, kuwomba m'manja konse kuja, ndinaona kuti anthu akwathu ankayankhula ndithu, kungoti ankayankhula ndi manja, ndipo chimene ankanena chinali chimodzi: tisiyireni tilimenso chaka chino. Koma zimenezo sizinandichotsere ululu wa akazi anga. Ndiponso mundawo ndinkauona kuti wapita basi, poti ndinali nditanyoza eni ake pamaso pa mesenjala wa boma. Ndinakhala pamenepo ndikuwerenga njira ya ku Joni, mpaka udzudzu wa ku Chilwa, umene sulemekeza wopambana kapena wogonja, unandithamangitsa.

Ndinafika kunyumba kutangoda, ana atagona. Ndinali nditakonza mawu aukali njira yonse, ena a m'Baibulo. Akazi anga anali pakhonde. Pambali pawo panali lichero, ndipo ndisanatsegule pakamwa ndinaona chigamba cha chikopa m'mphepete mwake. Lichero lija la chaka cha njala. Mkati mwake munali njere zisanu za mango, zotsukidwa bwino.

"Izi n'chiyani?"

"Mango. Simukuwadziwa? Mwakhala mukuwalalikira mwezi wonse."

"Achokera kuti?"

"Mumtengo wa mayi a dambo, uja wa kuseri kwa nyumba yawo. Atola okha. Nyumba iliyonse ya kwathu kuno ilandira zisanu. Ife tidzala zitatu pachulu cha kumalire, ziwiri pano pakhomo."

Ndinakhala pansi. Anandifotokozera mosafulumira, akumenya udzudzu pamwendo. Amayi a nkhokwe onse a kwathu anapangana kumitondo kuja. Anawoloka njira katatu, osati kawiri. Ulendo woyamba mayi a dambo anangonena za mdzukulu wawo wofuna munda. Akazi anga anayankha kuti: mayi, mwamuna wanga mwamuona nokha, wapenga, ine sindingathe kumuletsa, ndipo obwera ndife ambiri. Koma mzere, mayi, mzere tikhoza kuukhotetsa. Ulendo wachiwiri anakambirana za kuchuluka kwa mitengo, mayiwo akuti iwiri, amayi akwathu akuti khumi. Ulendo wachitatu akazi anga sananene zambiri, anangofunsa ngati lichero lija la chigamba likadalipo, poti analizolowera.

"Nanga bwanji osangoima kumbuyo kwanga?" ndinafunsa. "Tikanapambana! Ndikanakanena kwa mfumu yaikulu!"

"Mukanakanena, inde. Iwo n'kukumverani, n'kulemba, n'kutumiza ku Mulanje. Pofika yankho, minda yonse italandidwa, inu muli pa khonsolo kukamba za milatho ndi mimba yopanda kanthu. Kodi nthaka ili ku khonsolo? Nthaka ili kutsidya kwa njira."

"Ndiye munadziwa kuyambira pachiyambi kuti simudzaima kwa ine?"

"Kuyambira ndikupeta mpunga uja."

"Osandiuza?"

"Mukanadziwa, mukanayankhula ngati munthu wodziwa. Mayi aja si mwana. Pankafunika munthu wokhulupirira ndi mtima wonse."

Mitengo imeneyo ilipo mpaka lero, itatu pachulu, iwiri pakhomo. Mdzukulu wa mayi a dambo anakalima kwina. Munda uja anaulandira mwana wanga wa khutu lotupa uja, ndipo pamene wina anayesa kuutsutsa zaka zambiri pambuyo pake, iye sanayankhule zambiri, anangoloza. Mphwa wa amfumu anakhala pa khonsolo zaka zingapo, chitsime cha ng'ombe anachipeza. Ine adzukulu ndimawauza kuti mango amenewa ndinawamenyera nkhondo pabwalo, ndipo si bodza lonse.

Koma usiku umenewo sindinaone zonsezi. Ndinkangoona anthu anayi ndi galu. Ndinadandaula kuti andichititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse, kuti mawa ndidzayenda bwanji panjira, kuti munthu wophunzira sachitidwa zotere ndi mkazi wake. Akazi anga anandimvera mpaka ndinatha mpweya. Kenako anaimirira, anatenga jekete ija pamaondo panga, anaikung'untha fumbi n'kuipinda bwinobwino.

"Bambo," anatero, "chija timaimika m'munda wa mpunga, chovala sanza, choopseza mbalame, sichidya mpunga ngakhale njere imodzi. Koma popanda icho sitikolola. Jeketeyi ndiisunga, mwina chaka china tidzaifunanso. Kagoneni, mawa muli ndi maenje asanu."